Njira ya ku Shiraz Idafika ku Domasi

Tikamva dzina la Iran pa wailesi, ambiri timaganiza za mafuta, nkhondo ndi chipolowe cha mu 1979 chimene chidachotsa mfumu pampando. Timati ndi dziko lakutali losatikhudza. Komatu ife a m'chigwa cha Domasi tili ndi chingwe chakale chotilumikiza ndi anthu amenewo.

Kufikira chaka cha 1935, maiko akunja ankalitchula dzikolo kuti Persia. Ndi dziko lija la Koresi wa m'Baibulo, amene adagonjetsa Babiloni mu 539 Khristu asanabadwe, nalola Ayuda kubwerera kwao. Anthu ake si Aluya ai. Ali ndi chilankhulo chaochao.

Amalinyero ao ankadziŵa mphepo za pa Nyanja ya India. Nyengo ina zinkakankha zombo zao kubwera ku Afrika, nyengo ina nkuzibweza kwao. Mbiri ya mzinda wa Kilwa, m'dziko la Tanzania, imasimba kuti ufumu wa kumeneko adauyambitsa ndi Ali bin al-Hasan wochokera ku Shiraz. Kwa nthaŵi yaitali ophunzira ena ankati imeneyi ndi nthano yodzikometsera chabe. Koma mu 2023 akatswiri atapima mafupa a m'manda akale a ku Kilwa ndi midzi ina ya m'gombelo, adapeza kuti cha m'ma 1000 amuna a ku Persia adayambadi kukwatira akazi a kuno ku Afrika. Ana ao ndiwo ena mwa makolo a Aswahili. Mpaka lero ku Makunduchi, pa chilumba cha Zanzibar, amachita mwambo wa chaka chatsopano wotchedwa Mwaka Kogwa, umene muzu wake amati ndi wa ku Persia.

Nanga Domasi akuloŵa pati? Patapita zaka mazana angapo, Ayao adatsegula njira za malonda zochokera kuno kumtunda kukafika ku gombe la Kilwa. Ankapita ndi minyanga, nabwera ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Njira yomweyo idadzetsa Chisilamu pakati pathu. Tsoka ilo, m'zaka za m'ma 1800 idasanduka njira ya misozi, pakuti anthu ambirimbiri adaiyenda magoli ali m'khosi. Ogula akapolo nthaŵi imeneyo makamaka adali Aluya, Aswahili ndi Afalansa, ndipo ogulitsa adali anthu akwathu konkuno. Pamene a Church of Scotland ankamanga mishoni pa Domasi mu 1884, m'dera la mfumu Malemia, malonda oipawo adali asanathe.

Tsono, abale anga, tikamva za mavuto a anthu a ku Iran, tisamati za eni. Mzinda umene makolo ao adathandiza kumanga ndi womwewo kumene makolo athu ena adapita kukachita malonda, ena nakagulitsidwa. Tiyenera kuŵafotokozera ana athu mbali zonse ziŵiri.