Chambo cha ku Malombe ndi masamu a msodzi

Mu 1982 asodzi a m'nyanja ya Malombe adapha chambo choposa matani 8,000. Patangotha zaka khumi, m'makoka munkangotuluka kambuzi, chambo chili cha apo ndi apo. Sikuti malamulo kunalibe. Boma lidaika nyengo yotseka nyanja ndi kukula kwa maso a ukonde, koma pagombe zinkalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Malume anga anali bilamani pa nkacha, khoka lija lidabadwira ku Malombe komweko m'zaka za m'ma 1970. Ntchito yawo inali kumira n'kukamanga khoka kunsi kuti nsomba isapulumuke. Ankadziwa bwino kuti chambo chimasungira ana m'kamwa, ndi kuti kasawala ali m'dengumo ndiye chambo cha chaka chamawa. Koma ankati: "Mphwanga, ndikamusiya ine, amukoka wa bwato linalo usiku womwe uno." Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Amenewo ndi masamu, si umbuli. Mwini khoka amayerekeza phindu la usiku umodzi ndi chindapusa, n'kuonanso kuti bwato la a fishale limabwera mwakamodzikamodzi. Alovi, antchito okoka khokawo, nawo amalandira malinga ndi zomwe akoka; nyanja ikatsekedwa, kunyumba moto suyaka. Garrett Hardin adalemba mu 1968 kuti chuma chopanda mwini chimatha motere. Elinor Ostrom, yemwe adalandira mphotho ya Nobel mu 2009, adaonetsa kuti chimasungika ngati ochigwiritsa ntchito apanga okha malamulo, akulonderana, ndipo ali ndi mphamvu yokaniza wobwera.

Mu 1993 boma lidayesa njira yachiwiriyi ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire pokhazikitsa makomiti a pagombe, ma BVC, ndipo lamulo la usodzi la 1997 lidavomereza kuti anthu azitengako mbali. Boma ndi asodzi adagwirizana kuti maso a nkacha asachepere mamilimita 19. Komatu ukonde watsopano ndi ndalama, ndipo kambuzi wambiri ankadutsa m'maso amenewo. Makomiti ena adayamba kulimbana ndi mafumu, omwe kuyambira kale ankalandira mawe, nsomba za ulemu zochokera kwa asodzi. Mfumu yodyera m'khoka la mlendo ingamuthamangitse bwanji?

N'chifukwa chake ndimasirira chilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko mfumu imatseka chilumba kuyambira Disembala mpaka Epulo, mwambo womwe udayamba m'ma 1950, ndipo wophwanya lamulo amapitikitsidwa. Chilango chake n'chotsimikizika, ndipo wodikira amaona ndi maso ake nsomba tsiku lotsegulira. Inde, chilumba n'chosavuta kulondera kusiyana ndi Malombe wa magombe ambirimbiri. Komabe ine ndimati ku Malombe tidapatsa makomiti udindo tisanawapatse mphamvu yonena kuti uyu asodze, uyu ayi, ndipo chambo sichidabwerere.