Mtsuko ndi Botolo: Mbiri ya Mphatso ya Cakumwa ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Mwezi wa December ukafika m'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi, zinthu ziwiri zimakumana. Masuku amakhala ali kugwa m'nkhalango, ndipo ana a m'mudzi amene anapita kutali kukagwira nchito amakhala ali kubwera kudzadya Krisimasi pamodzi ndi abale ao. Nkhokwe pa nyengo imeneyi zimakhala zitapepuka, koma mlendo ayenera kulandiridwa ndithu, ndipo pobwerera sayenera kucoka cimanjamanja. Kuyambira kale mphatso yolemekezeka pa masiku otere inali cakumwa. Koma cakumwaco sicinakhale cimodzimodzi nthawi zonse: poyamba cinali kubwera mu mtsuko, pambuyo pace cinayamba kubwera m'botolo, ndipo kusinthaku kunasinthanso kapatsidwe ka mphatsoyo.

Makedzana cakumwa cacikulu ca Acewa ndi Ansenga a dera lino cinali mowa wa mapira ndi mawere, ndipo cimanga citafala cinalowanso m'mbiya. Ofulula anali akazi. Iwo anali kubviika mbeu m'madzi, nazibvundika kufikira zitamera, naziyanika, nazisinja kuti zikhale cimera. Atatero anali kuphika phala, nathiramo cimeraco, nadikira masiku angapo kuti liwire. Cakumwa cimene sicinasase cinali thobwa, la ana ndi akulu omwe. Cosasa ndico cinali mowa. Mowa umenewu sunali wa malonda. Unali wa dima, pamene mwini munda aitana anzace kudzamthandiza kulima. Unali wa cinamwali, wa maliro, wa nsembe kwa mizimu, ndi wa mtulo kwa mfumu.

Mowa wa mu mtsuko unali ndi khalidwe limodzi loyenera kulisamala pa mbiri iyi: sunali kukhalitsa. Pakapita masiku awiri kapena atatu unali kuwawasa, ndipo mtsuko wodzala sunali katundu woti munthu ayende naye ulendo wa masiku ambiri. Cifukwa cace wolandira mphatso yotere sanathe kuibisa m'nyumba kuti azimwa yekha. Anali kuitana anansi, mwini mowa nayamba kulawa pamaso pa onse kuti aone kuti mulibe coipa, ndipo cipanda cinali kuyenda kuyambira kwa akulu kufikira kwa ang'ono. Motero mphatso ya munthu mmodzi inali kusanduka phwando la mudzi wonse, ndipo amene anamwa lero anadziwa kuti tsiku lina adzafulula nayenso. Ndico cifukwa akale anati kupatsa nkuika.

Zipatso za m'chire zinali ndi malo ao pambali pa mbeu za m'munda. Potema mitengo kuti atsegule munda watsopano, anthu anali kusiya mitengo ya masuku, ya maula amene ena amati mpundu, ya mateme ndi ya nthudza. Masuku ndiwo anali opambana, pakuti amapsa kuyambira October kufikira January, pamene cakudya ca caka catha ciri kutha ndipo catsopano cisanace. Akupsa anali kutoledwa pansi, osapsa anali kubvundikidwa. Mtengowu unadziwika kwa ophunzira a ku Ulaya m'masiku a David Livingstone, ndipo anaupatsa dzina lakuti Uapaca kirkiana polemekeza John Kirk, dotolo amene anayenda naye pa Zambezi kuyambira mu 1858. Masuku akafinyidwa m'madzi ndi kusefedwa amapatsa madzi otsekemera, ndipo madziwo akasiyidwa masiku ocepa amawira okha, cifukwa pa khungu la cipatso pamakhala tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadya zotsekemerazo ndi kuzisandutsa mowa. Koma tizamoyoti tiri ndi malire: mphamvu ya mowa ikafika pafupi ndi magawo 15 pa 100 timaleka kugwira nchito. Mwa ici mowa wa masuku, monga wa mapira, unali wofatsa ndi wosakhalitsa.

Nzeru yopitirira malire amenewa inacokera kumwera, ku Zambezi. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete ca m'ma 1530. Kumpoto kwa Tete kunali ufumu wa Undi, amene mudzi wace waukulu unali ku Mano, kufupi ndi mtsinje wa Kapoche, womwewo umene dzina lace limvekabe ku Sinda. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi anayamba kukumba golide m'dziko la Undi, ndipo asilikari ao, Acikunda, anali kuyendayenda m'midzi kufuna minyanga ya njobvu ndi akapolo. Lacerda anacoka ku Tete mu 1798 kunka kwa Kazembe, ndipo Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo mu 1831, napyola pakati pa Acewa. M'njira zimenezi munadzera nsaru, mikanda, mfuti, ndiponso kacasu. Dzina lenilenilo ndi mboni: licokera ku liu la Cipwitikizi lakuti cachaça, dzina la cakumwa caukali cimene cinali kuchezedwa ndi madzi a nzimbe ku Brazil.

M'cigwa cotentha ca Zambezi mumamera masau ocuruka, mtengo umene kwao kweni kweni ndi ku Asia. Masau amapsa m'nyengo ya cisanu ndi ya cilimwe, ndipo ubwino wace ndi wakuti akayanikidwa amakhala miyezi yambiri osaonongeka. Ameneyo ndiye anakhala cipatso ca kacasu koposa zonse. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula malire pakati pa dziko la Undi, koma silinadule cibale. Anthu a ku Vubwi, kumene kumagundana ndi Malawi ndi Mozambique, ndi a ku Katete, kumene kumayambira njira ya ku Tete yoturukira pa Chanida, anapitirira kukwatirana, kulirana maliro ndi kugulana zinthu ndi abale ao a kutsidya, ndipo nzeru ya kucheza kacasu inayenda nao.

Kachezedwe kace ndi kotere. Wocheza amabviika masau kapena zipatso zina m'madzi, ndipo pamene zipatso palibe amabviika gaga ndi shuga. Zikawira kwa masiku angapo amazithira mu mphika waukulu, naubvundikira, namata m'mbali monse kuti nthunzi isapulumuke. Pa cibvundikiro pamaturuka mpope, umene kale kawiri kawiri unali mpope wa mfuti yakutha, ndipo umapyola m'cotengera ca madzi ozizira. Mowa umasanduka nthunzi pa kutentha kwa madigiri 78, pamene madzi amadikira kufikira 100. Tsono moto ukakhala wofatsa, nthunzi ya mowa ndiyo imatsogola, nizizira mu mpope, nigwa m'botolo dontho limodzi limodzi, yoyera ngati madzi a pa kasupe. Botolo loyamba, limene amati mutu, ndilo laukali koposa. Otsatira amanka nafatsa.

Apa ndipo mphatso inasinthira. Kacasu saola. Botolo lace likatsekedwa bwino likhoza kukhala caka cathunthu, likhoza kulowa m'thumba la jekete, likhoza kukwera njinga kapena basi. Mkamwini akhoza kulipereka kwa apongozi ace m'nyumba anansi osadziwa, ndipo wolandirayo akhoza kulisunga kunsi kwa kama. Cimene cinali ca mudzi wonse cinasanduka ca anthu awiri. Ndiponso cinthu cimene cikhoza kusungidwa ndi kuyezedwa cikhozanso kugulitsidwa.

Zocitika za m'dziko zinathandiza botolo. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu January 1898, Boma la Azungu linakhazikika ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, ndipo posacedwa linaika msonkho. Amuna ambiri anacoka kukafuna ndalama ku minda ya fodya, ku Salisbury, ku Wankie, ku Johannesburg, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Ena sanabwerenso, nachedwa macona. Akazi otsala m'midzi anafunikira ndalama za mcere, za sopo, za zobvala ndi za sukulu ya ana, ndipo nchito imene anaidziwa bwino inali ya mowa. Shuga anayamba kupezeka m'masitolo a Amwenye a m'mbali mwa mseu waukulu wa kum'mawa, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Zambia inayamba kulima nzimbe zace ku Nakambala. Shuga anacititsa kuti kacasu asadikirenso nyengo ya zipatso.

Krisimasi nayo inali mlendo. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, natsegula Nyanje mu 1905, m'dera limene lero ndi Sinda. Iwo anabweretsa tsikulo, koma analetsa akristu ao kufulula ndi kumwa mowa, kotero kuti m'mabanja ambiri a mpingo phwando linali la thobwa, tiyi, mpunga ndi nkhuku. Komabe tsikulo linaturuka m'calici nilowa m'mudzi monse, pakuti ndiyo inali nyengo imene anchito a kutali anali kupuma. Wobwerayo anali kunyamula shuga, buledi ndi nsaru. Otsala anali kumlandira ndi za m'munda ndi za mu mphika. Ndipo pobwerera m'katundu wace munali nsawawa, ufa, nkhuku, ndipo nthawi zina botolo lokulungidwa bwino m'malaya.

Kukulungako kunali ndi cifukwa. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti aletse zakumwa zaukali m'zigawo zambiri za Africa, ndipo pangano la ku Saint-Germain la mu 1919 linaonjeza kuletsa kucheza ndi kusunga zipangizo zochezera. Motero kwa zaka zambiri Mzungu anali womasuka kumwa whisky m'nyumba mwace, pamene mai wa m'mudzi wopezeka ndi mphika ndi mpope anali kulipitsidwa kapena kumangidwa. Ufulu wa mu 1964 sunammasule kacasu. Anapitirira kuchezedwa kuseri kwa nyumba ndi m'madambo, kumene palibe woyeza mphamvu yace kapena ubwino wa zipangizo zace.

Maiko ena anayenda njira yosiyana ndi zipatso zao. Ku Ulaya kuli mwambo wakale wa kubviika zipatso m'cakumwa caukali cochezedwa kale, pamodzi ndi shuga, kwa masabata kapena miyezi, kufikira cakumwaco citatenga mtundu ndi kukoma kwa cipatso. Pamenepo amasefa, nathira m'mabotolo ang'ono, napatsana pa Krisimasi. Angerezi amatero ndi tizipatso ta m'minga tochedwa sloe, ndipo Apwitikizi a ku Lisbon ali ndi cao cochedwa ginjinha. Cakumwa cotere cimamwedwa pang'ono, m'kapu kakang'ono, pambuyo pa cakudya. Kusiyana kwace ndi kacasu ndi uku: m'kacasu cipatso cimalowa mu mphika moto usanayake, ndipo mtundu wace ndi kutsekemera kwace zimatsala m'matsokwe, m'cakumwa ca ku Ulayaco cipatso cimalowa m'botolo pambuyo pace, nicisiyamo ubwino wace. Ku South Africa anatenga mfula, mtengo wodziwika kuno komwe, napanga Amarula, amene kuyambira mu 1989 wafika m'masitolo a maiko ambiri. Ku Zomba nakonso kunapangidwa vinyo wa masuku ndi masau wa dzina la Mulunguzi. Izi zisonyeza kuti zipatso za m'chire lino si zacabecabe.

Koma botolo lobisika liri ndi zoopsa zace. Zipatso zikawira zimaturutsanso methanol, poizoni amene amasanduka nthunzi msanga, ndipo akacuruka m'cakumwa amacititsa khungu ngakhale imfa. Zipangizo za dzimbiri ndi zinthu zimene ena amaonjezamo pofuna ukali zimakulitsa ngoziyo. Ndiponso mowa wa mu mtsuko unali kukhutitsa ngati phala, pamene kacasu amalowa m'mimba yopanda kanthu, naononga ciwindi ca womwa ndi cuma ca banja lace. Pambuyo pace anadza ocita malonda a m'mafakitale, naika zakumwa zaukali m'timapepala tocipa tochedwa tujilijili, timene ngakhale mwana wa sukulu anatha kugula. Boma linatiletsa mu April 2012, caka comweco cimene Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha. Botolo linali litacotsa kale mudzi pa cakumwa. Kapepalako kanacotsapo ngakhale mnzace wa womwayo.

Mtsuko sunafe. Pa maliro, pa cinamwali ndi pa ukwati thobwa ndi mowa wa masese zimafululidwabe. Ku Mkaika, m'boma la Katete, mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana m'mwezi wa August kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, mwambo umene unaukitsidwa mu 1984, ndipo mphatso zao amazipereka poyera, pamaso pa khamu, monga anacitira makolo. Cimene ciri kucepa ndi nkhalango. Minda ya thonje, ya fodya ndi ya cimanga, pamodzi ndi ng'anjo za makala, zadya mitengo yambiri imene akale anali kuisiya dala. Mtengo wa msuku wobzalidwa ndi mbeu umadikira zaka zambiri usanabale, ndipo iri yonse imabala ai, pakuti ina ndi yaimuna. Akatswiri a za mitengo ku Msekera, pafupi ndi Chipata, anayesa kuumezanitsa kuti ubale msanga, koma mtengo wa m'munda umasungidwa ndi mwini nkhwangwa. Mlimi amene ausiya lero aikira adzukulu ace canthu coti adzapatse mlendo m'mwezi wa December, nkhokwe zitapepuka.