Mbiri ya Khomo la Serial: Kuchokera pa Telegalamu Kufika pa Kompyuta

 Lero m'pologalamu yathu ya mbiri yakale tikamba za kakhomo kakang'ono kamene kanali kumbuyo kwa makompyuta kwa zaka zambiri, koma tsopano kakusoŵa. Akatswiri amakatcha serial port, ndipo ife tizikatchula kuti khomo la serial.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya amisiri okha, koma ikukhudza chuma. M'mafakitale, m'zipatala ndi m'nyumba zoulutsira mau muli makina olimba amene anagulidwa ndi ndalama zambiri: masikelo oyezera katundu, makina opima magazi, ndi ena oyeza mvula ndi mphepo. Ambiri a iwo amapereka zimene apeza kudzera m'khomo limeneli. Tsono kompyuta yakale ikafa, n'kugula yatsopano, anthu amapeza kuti palibe poloŵetsa chingwe, ndipo ena amafika potaya makina amoyo. Kuti timvetse mmene vutoli linadzera, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa zana limodzi ndi theka.

M'chaka cha 1844, Samuel Morse anatumiza uthenga pa waya kuchokera ku Washington kufika ku Baltimore, m'dziko la America. Waya ali ngati ulalo wa mtengo umodzi: anthu sangaoloke atandandalikana, koma mmodzi patsogolo, wina pambuyo. Chotero zizindikiro za Morse zinkayenda mondondozana, ndipo kundondozana kumeneku ndiko tanthauzo la mau akuti serial. Luso limeneli linafika kwathu kuno m'zaka za m'ma 1890, pamene kampani ya African Transcontinental Telegraph, imene anayambitsa Cecil Rhodes, inamanga waya wodzera ku Blantyre ndi ku Zomba, n'kutsata nyanja mpaka ku Karonga.

Njira ya Morse inkafuna munthu wa khutu lakuthwa. Ndiye m'zaka za m'ma 1870, Mfalansa wina dzina lake Émile Baudot anakonza njira yakuti chilembo chilichonse chikhale ndi tizizindikiro tisanu tofanana kutalika, kalikonse kotanthauza kuti magetsi alipo kapena palibe. Tizizindikiro totere ndito lero titchedwa mabiti. Tisanu timeneti tikhoza kusanjidwa m'njira 32, zokwanira zilembo zonse. Dzina la mkuluyu silinaiŵalike, pakuti liŵiro la mauthenga pa waya limayezedwa ndi muyezo wotchedwa baud.

Panatsala funso limodzi. Kodi makina olandira angadziŵe bwanji pamene chilembo chayambira ndi pamene chathera? Amisiri a makina otaipa okha uthenga, amene akuluakulu ambiri akuwakumbukira m'mapositi ofesi ndi dzina lakuti telekisi, anapeza yankho lake. Chilembo chisanabwere pamatsogola kachizindikiro kodziŵitsa, monga mlendo amanenera kuti "odi" pakhomo, ndipo chikatha pamatsatira kena kotsazika. Mwambo umenewu wa kuodira ndi kutsazika sunasinthe kufikira lero.

Makompyuta atayamba kuchuluka, panafunika kuti azitumizirana mauthenga pa waya wa lamya kudzera m'kabokosi kotchedwa modemu. Koma kampani iliyonse inkalumikiza mawaya m'njira yakeyake. Pofuna kuthetsa chisokonezo, bungwe la ku America la Electronic Industries Association linakhazikitsa lamulo lotchedwa RS-232 m'chaka cha 1960, ndipo linakonzedwanso m'chaka cha 1969. Lamuloli linanena ntchito ya waya aliyense ndi mphamvu ya magetsi yoyenera: mavolti 3 mpaka 15 mbali ina kutanthauza 0, ndi mavolti omwewo mbali yotsutsana nayo kutanthauza 1. Linayembekezeranso kuti chingwe chizikhala cha mamita pafupifupi 15, ndi kuti liŵiro lisapitirire mabiti 20,000 pa sekondi.

Kampani ya IBM itatulutsa kompyuta yake ya pa tebulo m'chaka cha 1981, khomoli linali ndi mapini 25. M'chaka cha 1984, pa kompyuta yotchedwa PC/AT, mapiniwo anachepetsedwa kukhala 9, ndipo maonekedwe ameneŵa ndiwo ambiri a ife tinazoloŵera. Kompyuta inkatchula makomo ake kuti COM1 ndi COM2. M'menemo ankalumikiza mausi, makina osindikiza ndi modemu. Ngakhale makalata oyamba a imelo amene ankafika ku Chancellor College ku Zomba m'zaka za m'ma 1990 ankadzera m'modemu pa waya wa lamya.

Nanga khomo lothandiza chotere linatha bwanji? Linali ndi zofooka zake. Linali lochedwa, linkalandira chipangizo chimodzi chokha, ndipo munthu ankayenera kuuza kompyuta zonse za chipangizocho ndi manja ake. M'chaka cha 1996, makampani asanu ndi aŵiri, ena mwa iwo Intel, Microsoft, IBM ndi Compaq, anatulutsa khomo latsopano la USB. Ili linkatha kunyamula mabiti 12 miliyoni pa sekondi, linkapereka magetsi a mavolti 5, ndipo chipangizo chinkadzitchula chokha kwa kompyuta chikangoloŵetsedwa. M'chaka cha 1998 kampani ya Apple inatulutsa kompyuta ya iMac yopanda khomo la serial konse. Ena anatsatira pang'onopang'ono, kuyambira ndi makompyuta a m'manja amene ankafuna kupepuka.

Komabe makina a m'fakitale sakalamba msanga ngati kompyuta. Kompyuta imasinthidwa pakapita zaka zoŵerengeka, pamene sikelo yabwino ikhoza kutumikira mibadwo iŵiri. Pakati pa aŵiriŵa panafunika womasulira, ndipo anapezeka: kachingwe kotchedwa adaputa, kokhala ndi mutu wa USB mbali ina ndi mapini 9 mbali ina. M'kati mwake muli kachipangizo kakang'ono kamene kamalandira mauthenga a USB, amene amabwera m'timitolo, n'kuwamasula kuti ayende mondondozana monga kale, kwinaku kakukweza mphamvu ya magetsi kufika pa muyezo wa RS-232. Ena mwa opanga tizipangizoti ndi FTDI ya ku Glasgow ku Scotland ndi Prolific ya ku Taiwan.

Womasulira ameneyu ali ndi zofuna zake. Choyamba, kompyuta imafuna kapulogalamu kotchedwa driver, kamene kamaichititsa kuona adaputayo ngati khomo la COM lenileni. Nthaŵi zina imalipatsa nambala yaikulu, monga COM7, pamene pulogalamu yakale imangodziŵa COM1 kufika COM4. Zikatero nambalayo imasinthidwa m'makonzedwe a kompyuta. Chachiŵiri, mbali zonse ziŵiri ziyenera kugwirizana liŵiro ndi kasanjidwe. Makina ambiri amayenda pa baud 9600, mabiti 8 pa chilembo, ndi kachizindikiro kamodzi kotsazika. Liŵiro likasiyana, pa kompyuta pamatuluka zilembo zopanda tanthauzo, ndipo wosadziŵa amaganiza kuti makina aonongeka. Chachitatu ndi chingwe. Pa mutu wa mapini 9 wa kompyuta, pini ya 2 ndi khutu, ya 3 ndi pakamwa, ndipo ya 5 ndi yogwirizanitsa magetsi a mbali zonse. Makina ena amafuna chingwe choongoka, ena amafuna chopingasa mawaya a 2 ndi 3, kuti pakamwa pa wina pakumane ndi khutu la mnzake. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chenjezo linanso pogula. Maadaputa ena amatulutsa mavolti 5 kapena 3.3 okha, ndipo anapangidwira ntchito ina. Kuwalumikiza ku makina a RS-232 kukhoza kuwapsereza. Msika wadzalanso ndi tizipangizo tachinyengo. M'chaka cha 2014, driver yatsopano ya FTDI, imene inafalitsidwa kudzera mu Windows, inaimitsa maadaputa okhala ndi tizipangizo tongokopera, ndipo anthu ambiri amene anagula mosadziŵa anadandaula kufikira kampaniyo inaichotsa. Tidziŵenso kuti mapulogalamu ena a nthaŵi ya DOS, amene ankalankhula ndi khomolo mwachindunji, sagwirizana ndi adaputa. Zikatero, pa kompyuta ya pa tebulo amaloŵetsamo kadi yokhala ndi khomo la serial, kapena amasunga kompyuta yakale kuti izigwira ntchito yokhayo.

Omvera athu, chimene chinachoka kumbuyo kwa kompyuta ndi bowo chabe. Chilankhulo chake, chimene chinabadwira m'mapositi ofesi, chikugwirabe ntchito m'makina osaŵerengeka chifukwa n'chapafupi: mawaya atatu akwanira kuti makina aŵiri amvane. Nchifukwa chake musanalembe kuti sikelo kapena makina opimira atha ntchito, yambani mwafunsa mmisiri ngati vuto si kusoŵa womasulira. Paja mau a akuluakulu akoma akagonera.