MFUMU AKBAR NDI FUNSO LA ZIPEMBEDZO

Funso lakuti kodi zipembedzo zonse za pa dziko lapansi ziri ndi muzu umodzi silinayambe lero ai. Ana a sukulu alifunsa pamene aona mnzao akana cakudya cimene iwo adya, ndipo akulu omwe alifunsa pa maliro, pamene anthu a mapemphero osiyana akhala pa mphasa imodzi nalira munthu mmodzi. Koma ndi owerengeka amene analondola funso limeneli ndi khama longa la Akbar, mfumu ya ku India, amene analimangira nyumba yace yace, naika ufumu wace pa ngozi cifukwa ca ilo.

Akbar anabadwa m'caka ca 1542, nalowa ufumu mu 1556 ali mnyamata wa zaka 13. Banja lace, la mafumu ochedwa Mughal, linali la Cisilamu, koma unyinji wa anthu ace unali wa Ahindu. Iye sanadziwe kuwerenga, komabe anali nao anthu omwerengera mabuku masiku onse. Asanayambe kufunsa za ziphunzitso, anayamba wakonza za misonkho. Mu 1563 analeketsa msonkho umene Ahindu anali kupereka popita ku malo ao opatulika, ndipo mu 1564 anacotsanso jizya, ndiwo msonkho umene unali kukhomedwa ndi anthu osakhala Asilamu okha.

Nyumba ya ku Fatehpur Sikri

Mu 1575, m'mudzi wace watsopano wa Fatehpur Sikri, kufupi ndi Agra, mfumu inamanga nyumba yochedwa Ibadat Khana, ndiko kunena nyumba yopembedzeramo. M'menemo anthu ophunzira anali kusonkhana usiku wa Lacinai, mfumu iri pakati pao. Poyamba anaitanidwa Asilamu okha. Badauni, Msilamu wophunzira amene anaona zimenezi ndi maso ace nazilemba, asimba kuti akuluakuluwo anayamba ndi kulimbirana malo okhala, kufikira mfumu inawagawira mbali zinai za nyumba. Atafika pa nkhani za malamulo a cipembedzo anakwezerana mau, pakuti cimene wina anati ncololedwa, mnzace anati ncoletsedwa. Akbar ataona kuti anthu a buku limodzi alephera kumvana, anaganiza kuti kapena coonadi siciri m'khola limodzi lokha.

Cotero mu 1578 anatsegula khomo kwa onse. Kunabwera ansembe a Cihindu. Kunabwera Dastur Meherji Rana wa ku Navsari, mkulu wa Aparsi, amene alemekeza moto monga cizindikiro ca kuyera kwa Mulungu. Pambuyo pace kunafikanso Hiravijaya Suri, mphunzitsi wa Ajaini, amene sapha ngakhale kacirombo kakang'ono. Iyeyu anayenda pansi ulendo wonse kucokera ku Gujarat, ndipo cifukwa ca mau ace mfumu inaletsa kupha nyama masiku ena a pa caka.

Mu 1580 anafika amishoni atatu a gulu la Ajezuiti kucokera ku Goa: Rodolfo Acquaviva, Antonio Monserrate ndi Francisco Henriques, amene anali womasulira wao. Anapereka kwa mfumu Buku Lopatulika losindikizidwa m'zinenero zingapo, ndipo Akbar analipsompsona naliika pa mutu pace. Anapereka mwana wace Murad kwa Monserrate kuti amphunzitse. Amishoniwo anayesa kuti ubatizo wa mfumu uli pafupi, koma analakwa. Akbar anakonda kumva za Yesu, koma ciphunzitso ca Utatu sicinamlowe, ndipo kusiya akazi ace ndi kutsala ndi mmodzi kunamkanika. Naonso amishoni ananena mau owawa za Muhammad pamaso pa Asilamu, kotero kuti mfumu inawacenjeza kuti acepetse ukali.

Makani atakula, panabuka nzeru yofanana ndi mwabvi wa makolo: kuti asonkhe moto waukulu, Mkristu alowemo ndi buku lace, Msilamu naye ndi lace, ndipo wotuluka wamoyo ndiye mwini coonadi. Alembi a nthawi ija asiyana ponena za amene anayambitsa mau amenewa, koma onse abvomerezana kuti panalibe munthu analowa m'motomo.

Ngozi ya Mfumu

Kunja kwa nyumbayo kunali kutentha moto wina. Mbiri inawanda kuti mfumu yataya Cisilamu. Mu 1580 akazembe a ku Bengal ndi Bihar, amene anali kale ndi madandaulo a za malipiro ao, anaukira. Woweruza wamkulu wa ku Jaunpur analengeza kuti kumuukira Akbar nkololedwa, ndipo ena anafuna kulonga mbale wace Mirza Hakim, wolamulira ku Kabul. Mu 1581 Akbar anatsogolera nkhondo yace kufikira ku Kabul, Monserrate ali nao pa ulendo, nagonjetsa adani ace. Ufumu unapulumuka, koma misonkhano ya usiku wa Lacinai inatha ca m'ma 1582. Acquaviva anabwerera ku Goa mu 1583 wosabatiza mfumu.

Pamenepo Akbar anayesa njira yina. Anasonkhanitsa gulu la ophunzira ace, limene pambuyo pace linachuka ndi dzina lakuti Din-i Ilahi. Olowamo analonjeza kupereka kwa mfumu cuma cao, moyo wao, ulemu wao ndi cipembedzo cao. Anali kusala nyama nthawi zina, ndi kupatsa osauka pa tsiku la kubadwa kwao. Linalibe buku kapena ansembe, ndipo olemba mbiri ambiri a masiku ano aliyesa gulu la omvera mfumu, osati cipembedzo catsopano. Akuluakulu olowamo amene maina ao adziwika sakwana 20, ndipo Mhindu pakati pao anali mmodzi yekha, Birbal. Man Singh, kazembe wace wokhulupirika, anakana. Iye anayankha kuti moyo wace anaupereka kale kwa mfumu, koma pa za cipembedzo iye ndi Mhindu. Cihindu acidziwa, Cisilamu acidziwa, koma njira yacitatu saidziwa. Anali kuopa cimene akulu anena, kuti mapanga awiri abvumbwitsa. Mfumu sinamlange. Akbar atamwalira mu 1605, gululo linazilala osasiya mbeu.

Cimene Cinatsala

Zinthu ziwiri zinapirira koposa gululo. Coyamba ndico kumasulira mabuku. Kuyambira mu 1582 Mahabharata, buku lalikulu la Ahindu, linatembenuzidwa m'cinenero ca ku Persia, kuti Asilamu adziwerengere okha zimene anansi ao akhulupira. Badauni yemwe anagwira nao nchitoyi, ngakhale monyinyirika. Caciwiri ndico lamulo locedwa sulh-i kul, ndiko kunena mtendere kwa onse, lakuti boma lisasankhe munthu cifukwa ca kupembedza kwace.

Funso lija linaukanso mwa Dara Shikoh, mwana wamwamuna wamkulu wa Shah Jahan, mfumu imene inamanga Taj Mahal. Iye analemba buku lochedwa Majma-ul-Bahrain, ndiko kunena kukomana kwa nyanja ziwiri, pofuna kuonetsa kuti anzeru a Cisilamu ndi a Cihindu anena cinthu cimodzi m'mau osiyana. Ndipo mu 1657, pothandizidwa ndi ophunzira a ku Benares, anamasulira mabuku a Upanishad pafupifupi 50. Koma polimbirana ufumu anagonja kwa mng'ono wace Aurangzeb, amene anamzenga mlandu wakutaya cikhulupiriro, namphetsa ku Delhi mu 1659. Mu 1679 Aurangzeb anabwezeranso msonkho wa jizya.

Kodi tsono muzu umodzi unapezeka? Wosanthula mbiri imeneyi moona mtima ayenera kuyankha pawiri. Ambiri mwa iwo amene anakhala pansi m'nyumba ya Akbar anabvomerezana kuti moyo wa munthu suli kudya ndi kubvala kokha, kuti cabwino ndi coipa ziri ndi mphotho yace, ndi kuti kudziletsa ndi kucitira cifundo osauka ndizo zoyenera munthu. Kufikira pamenepa mizu ikomana ndithu. Koma atafunsidwa kuti Mulungu ndani, ndipo munthu apulumuka bwanji, mayankho ao anasiyana kweni kweni. Ajaini sakhulupira kuti kuli Mlengi. Msilamu akana kuti Mulungu ali ndi Mwana, pamene kwa Mkristu cimeneco ndico mtima wa cikhulupiriro cace. Mhindu ayembekeza kubadwanso kambiri, ena aja ayembekeza kuuka kumodzi. Wonena kuti zonsezi ncimodzimodzi sanamvetse ngakhale mmodzi wa iwo, ndipo Acquaviva, Badauni ndi Man Singh, amene anasiyana pa zambiri, akadamtsutsa onse atatu.

Akbar analephera pamene anafuna kulumikiza zipembedzo pa iye mwini, pakuti cikhulupiriro sicilamulidwa monga msonkho. Anapambana pa cinthu cimene anacita asanayambe makani onse aja, pamene anacotsa katundu pa mutu wa munthu wopembedza mosiyana naye. Cilungamo sicinadikire kuti ophunzira ayambe agwirizana. Cikadadikira, sicikadafika konse.

Mphunzitsi amene ali ndi ana a mapemphero osiyana pa benchi limodzi angatengepo nzeru. Safunika kubisa cimene iye akhulupira, kapena kunamiza ana kuti kusiyana kulibe. Afunika kunena za cipembedzo ca mwana ali yense m'mau amene atate wace wa mwanayo angawabvomereze kuti ngoona, ndi kuyesa ana onse ndi muyeso umodzi pa tsiku la mayeso.