Midzi imene sinaike maliro a ana odzipha

Lero tipite ku Canada, m'chigawo cha British Columbia, kwa eni nthaka amene azungu anawapeza. Mbiri yawo ikukhudza chinthu chimene ifenso chatiliritsa m'maliro ambiri, ngakhale timachitchula monong'ona: mwana kuchotsa moyo wake.

M'chaka cha 1876 boma la Canada linakhazikitsa lamulo lotchedwa Indian Act, lolamulira moyo wonse wa eni nthaka. Kuyambira 1885 analetsa potlatch, phwando lalikulu la mitundu ya kugombe, pamene mfumu inkagawa chuma chake, ana ankalandira mayina, ndipo anthu ankakumbukira omwalira. Mu 1921 mfumu Dan Cranmer anachititsabe phwandolo. Ena mwa amene anafika anatsekeredwa m'ndende, ndipo zigoba zovinira ndi zovala zamwambo zinalandidwa n'kukathera m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Chiletsocho chinachoka mu 1951.

Koma bala lalikulu linali sukulu zogonera komweko. Ana pafupifupi 150,000 m'dziko lonse anachotsedwa kwa makolo awo. Kumeneko ankawameta, ankawamenya akayankhula chinenero cha kwawo, ambiri anachitidwa nkhanza zosaneneka, ndipo ena sanabwerenso. Boma linkapereka ndalama, mipingo n'kumayendetsa sukuluzo. Pano ndisakubisireni: mpingo wa Presbyterian wa ku Canada unali m'gulumo. Sukulu za ku Alberni ndi ku Ahousaht zinali m'manja mwake mpaka 1925, pamene zinapita ku United Church. Mu 1994 mpingowo unavomereza poyera tchimo lake. Ganizirani mwana wobwerera kwawo atatha zaka khumi, osatha kuyankhulana ndi agogo ake, osadziwa kulera chifukwa iyenso sanaleredwe. Chisoni chotere chimatsikira kwa ana ndi kwa zidzukulu.

Pofika zaka za m'ma 1980, achinyamata a mitundu imeneyi ankadzipha mochuluka kuposa anzawo ena m'dzikomo, ndipo anthu anazolowera kunena kuti ndi mmene eni nthaka alili. Aphunzitsi awiri a ku yunivesite, Michael Chandler ndi Christopher Lalonde, sanakhutire ndi mawu amenewo. Anatenga ziwerengero za imfa kuyambira 1987 mpaka 1992, n'kuziyang'ana mudzi ndi mudzi m'midzi 196. Zimene anasindikiza mu 1998 zinadabwitsa ambiri. M'midzi yoposa theka munalibe wachinyamata ndi mmodzi yemwe amene anadzipha m'zaka zonsezo. Maliro anaunjikana m'midzi yowerengeka chabe.

Nanga kusiyana kunali pati? Iwo anafunsa zinthu zisanu ndi chimodzi za mudzi uliwonse: kodi anthu ake akudzilamulira okha, akumenyera nthaka ya makolo awo, akuyendetsa sukulu zawo, chipatala chawo, apolisi ndi ozimitsa moto awo, ndipo kodi ali ndi nyumba yosungiramo mwambo wawo? Pamene zonsezi zinalipo, achinyamata sanadziphe. Pamene panalibe ngakhale chimodzi, mlingo unafika pa 137.5 mwa achinyamata 100,000 aliwonse. Chinthu cholemera kuposa zonse chinali kudzilamulira. Atabwerezanso ntchitoyo pa zaka za 1993 mpaka 2000, anapeza zina ziwiri: midzi imene amayi anali ochuluka m'bwalo lolamulira, ndi midzi imene inkasamalira yokha ana ovutika m'malo moti boma liwatenge, inali ndi maliro ochepa. Amayi a chigwirizano, mfundo imeneyo muisunge. Mu 2007, pamodzi ndi Darcy Hallett, anaonetsanso kuti pamene anthu oposa theka ankayankhula chinenero cha makolo, kudzipha kwa achinyamata kunali kosowa kwambiri.

Musandimve molakwa. Ziwerengero zimasonyeza zinthu zoyendera limodzi. Sizinena kuti nyumba ya mwambo payokha imachiza munthu wodwala maganizo. Wotereyo amafunika womumvera ndi chipatala, ndipo eni nthaka nawonso sakana zimenezo. Koma maganizo a Chandler ndi Lalonde ine ndimawaona olemera. Iwo ankati wachinyamata amadutsa nyengo imene thupi, mawu ndi mtima wake zimasintha, mpaka sadziwa ngati munthu wa mawa adzakhala iye yemweyo. Chomugwira pa nyengoyo ndi mtundu umene ukudziwa kumene unachokera, ndiponso uli ndi mphamvu pa mawa lake. Mukamudulira dzulo, mawanso amaoneka ngati a mwini. N'chifukwa chake mankhwala sanachokere ku likulu la boma ku Ottawa. Anali kale m'midzi yoyandikana nayo, ndipo ofufuzawo analangiza kuti midzi iziphunzitsana yokha.

Ntchitoyo anthu anaiyamba kale aphunzitsiwo asanawerenge kanthu. A mtundu wa Nisga'a anatengera nkhani ya nthaka yawo ku khoti lalikulu la dziko, limene linaweruza mlandu wa Calder mu 1973; pangano lawo ndi boma linayamba kugwira ntchito mu 2000. Ku Alert Bay, zina mwa zigoba zolandidwa pa phwando la Cranmer zinabwezedwa, ndipo mu 1980 anazitsegulira nyumba yotchedwa U'mista. M'chinenero chawo mawuwo ankanenedwa munthu wogwidwa ukapolo akabwerera kwawo wamoyo. Mu 2013 bungwe la eni nthaka lotchedwa First Nations Health Authority linalandira m'manja mwa boma la Canada ntchito za umoyo za mitundu yonse ya eni nthaka m'British Columbia, kuphatikizapo chisamaliro cha odwala maganizo.