Njuci Zinali M'thengo, Tsopano Zikudalila Madimba Athu

Ife a kum'mawa tinakula tikudziwa kuti uci umapezeka m'phanga la mtengo. Makolo athu anali kutsatila mbalame ya nsadzu mpaka pamene njuci zamanga, n'kufula ndi utsi, osaiwala kusiyilako mbalameyo cisa. Panalibe wobzala duwa cifukwa ca njuci, pakuti thengo linali kuzidyetsa lokha.

Anzathu a cigawo ca kumpoto cakumadzulo, Alunda ndi Aluvale, anapita patsogolo kalekale. Iwo anali kusenda khungwa la mtengo lathunthu, kulilumikiza ndi zikhomo zamtengo, kutseka mbali zonse ziwili, ndi kupacika mng'omawo pamwamba kuti ciuli cisafikepo. Mu 1854, David Livingstone podutsa m'dziko la Alunda pa ulendo wake wa ku Luanda, anaona ming'oma yotele m'mitengo. M'buku lake la mu 1857 anafotokoza kuti eni ake anali kumanga mankhwala pathunthu la mtengo kuti akuba aope, ndiponso kuti phula la kumeneko linali kugulitsidwa mpaka ku madoko a Luanda ndi Benguela. Phula ndilo linali malonda, cifukwa silionongeka pa ulendo wa miyezi. Uci wambili unali kuthela pamudzi, makamaka mu mowa umene Alunda amaucha kasolu.

Boma la atsamunda linaona phindu limeneli, ndipo mu 1959 linatsegula gawo loona za ulimi wa njuci mu dipatimenti ya nkhalango. Pambuyo pa ufulu wa 1964 nchitoyi inapitiliza, ndipo lelo uci wa ku Kabompo ndi Mwinilunga umagulitsidwa ku Ulaya. Kuno kwathu ku cigwa ca Luangwa, bungwe la COMACO limapatsa alimi ming'oma yamatabwa ndi kugula uci wawo, kuti munthu aone kuti mtengo woimilila umalipila kuposa wogwetsedwa.

Pa mbili yonseyi, cimene cinasunga njuci ndi nkhalango ya miombo. Mitengo ya mombo imacita maluwa m'cilimwe, ca m'ma September ndi October, ndipo mtondo umatsatila mvula ikamatha. N'cifukwa cake alimi amafula kawili pa caka: mvula ikamayamba, ndiponso m'nyengo yozizila. Koma miombo yomweyo ndiyo imapeleka malasha abwino, ndipo aliyense woyenda pa Great East Road amaona masaka ali ndanda m'mbali mwa msewu. Tikaonjezapo moto wolusa ndi mankhwala opopela thonje ndi ndiwo, tikuona cifukwa cake njuci zikucepa pafupi ndi midzi.

Nkhaniyi si ya okonda uci okha. Dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi payekhapayekha, ndipo duwa limatseguka m'mawa umodzi cabe. Njuci ikapanda kunyamula mungu m'mawa umenewo, kadzungu kamafota n'kugwa. Mavwende ndi nkhaka zili cimodzimodzi, ndipo mpendadzuwa umabala mphwepwa njuci zikasowa.

Conco udindo umene thengo linali kusenza wagwela ife. Cofunika ndi kuti pakhomo pasasowe duwa caka conse. M'dzinja maungu, nyemba ndi mpendadzuwa zimakwanila. Vuto lili m'miyezi youma, ndipo apa ndi pamene msangu umathandiza, cifukwa umacita maluwa mvula itatha. Mango amacita maluwa ca m'ma July ndi August, gliricidia nayenso m'cilimwe. M'dimba tingasiye mizele iwili ya repu kapena mpilu kuti icite maluwa. Njuci zidzadya, ife tidzapeza mbewu. Mbale ya madzi yokhala ndi timiyala imathandiza njuci kumwa osamila. Ngati kupopela n'kosapeweka, tipopele madzulo njuci zitabwelela, osati pa mbewu zimene zili ndi maluwa.

Alunda a m'nthawi ya Livingstone anali kuteteza mtengo wa mng'oma kwa akuba. Ife tiyenela kuteteza maluwa eni ake, ndipo mvula isanagwe caka cino ndi bwino banja lililonse likhale litasankha pobzala msangu kapena mango.