Dipo la Atahualpa

Pa 16 Novembala 1532, dzuwa litapendeka, Atahualpa mfumu ya Ainka analowa m'bwalo la mudzi wa Cajamarca, m'mapiri a dziko la Peru, atamsenza pamachira akuluakulu ake, pakati pa namtindi wa anthu amene anasiya zida zao kumisasa. Ndipo m'nyumba zozinga bwalolo munabisala amuna 168 a ku Spain, 62 apakavalo ndi 106 oyenda pansi, amene usiku wathawo sanaone tulo poona moto wa ankhondo a mfumuyo uli ngwee m'phiri monse. Wansembe Vicente de Valverde anatuluka ndi mtanda ndi buku lopatulika, nauza mfumu kudzera mwa womasulira kuti igonjere Mulungu wa Akhristu ndi mfumu ya ku Spain. Koma Atahualpa, amene anali asanaonepo buku chibadwire, analitembenuza, naliponya pansi. Pamenepo mtsogoleri wao Francisco Pizarro anapereka chizindikiro, mfuti zinalira, akavalo omangidwa mabelu anatumphira khamulo, ndipo pofika mdima mitembo inali zikwi, mfumu ili m'manja mwa alendo, pamene mwa alendowo sanafe ndi mmodzi yemwe.

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma awa anadza kudzakhala, ndipo wofuna kudziwa chimene chinawachotsa kwao ayambe wafunsa amene anawalipira. Sanawalipire munthu. Iwowa sanali asilikali a mfumu olandira malipiro pakutha pa mwezi, koma anthu osonkherana chuma monga achitira amalonda: wina kavalo, wina lupanga ndi chovala chachitsulo, ambiri atakongola zimenezi ku Panama pa chiyembekezo cha zofunkha, ndipo pangano loyamba linali la anthu atatu, Pizarro, Diego de Almagro ndi wansembe Hernando de Luque. Chimene bwalo lachifumu linapereka ku Toledo m'chaka cha 1529 chinali makamaka kalata ya chilolezo ndi maudindo, nalo lizilandira limodzi mwa magawo asanu a chuma chonse chimene chidzapezeke. Munthu wangongole amene waoloka nyanja sabwerera chimanjamanja, pakuti kumbuyo kwake kuli womkongoza ndi manyazi.

Atahualpa sanachedwe kuzindikira njala ya omgwirawo. Analonjeza kudzaza chipinda cha mamita ngati 7 m'litali ndi 5 m'lifupi ndi golide kufikira pamene dzanja lake likanafika ataimirira, ndi siliva kawiri, kuti likhale dipo la moyo wake; ndipo miyezi yambiri amtengatenga anatsika m'njira za m'mapiri ndi mitsuko, mbale, mafano ndi zitsulo zimene zinakanganulidwa pa makoma a kachisi wa dzuwa ku Cuzco. Zokongola zimenezi, ntchito ya amisiri a mibadwo yambiri, anaziponya m'ng'anjo, kupatula zochepa zimene anatumiza kwa mfumu yao Charles kuti akazione, ndipo osula a dziko lomwelo ndiwo anakakamizidwa kusungunula zimene anzao adaumba. Panatuluka matani pafupifupi 6 a golide, siliva kuwirikiza kawiri. Wapakavalo analandira makilogalamu ngati 40 a golide ndi 80 a siliva, woyenda pansi theka lake. Tinganene kuti pa tsiku logawa lija kavalo anayesedwa wolingana ndi munthu. Dipo litaperekedwa, mfumu sanaimasule: anaiimba mlandu woti ikusonkhanitsa nkhondo mseri, naiweruza kuti itenthedwe, ndipo itavomera ubatizo anaichitira chifundo cha mtundu wao, naipha poipotola khosi ndi chingwe pa 26 Julaye 1533.

Komatu ndikaniza kuti golide yekha ndiye anawakoka. Pizarro, mwana wapathengo wa ku Trujillo m'chigawo chosauka cha Extremadura, amene sanadziwe kulemba ngakhale dzina lake, anali kale mkulu wa zaka ngati 50, wa minda ndi antchito ku Panama, pamene anayamba ulendowu; mimba yake inali yokhuta, chimene chinali ndi njala ndi dzina. Kwao munthu wolemekezeka anali iye wosagwira khasu, wa nyumba yaikulu ndi anthu omgwadira, ndipo m'dziko latsopanolo ulemu wotere unapezeka mwa encomienda, ndiko kupatsidwa midzi yathunthu kuti izikuthira msonkho ndi kukugwirira ntchito, iwe nkumaiphunzitsa Chikhristu. Amene agogo ao adalawa thangata sasowa wowamasulira mau amenewa. Golide amatha, koma midzi imabala chaka ndi chaka. Chifukwa chake pamene malamulo atsopano a 1542 anafuna kuletsa kuti midziyo ikhale cholowa cha ana, Gonzalo Pizarro, mbale wake wa Francisco, anautsa nkhondo pa mfumu yake yomwe.

Za chipembedzo chao sindinena kuti anali kunamizira. Anakulira m'dziko limene lidangolanda mzinda wa Granada kwa Asilamu m'chaka cha 1492, kumene lupanga ndi mtanda zinkayenda m'dzanja limodzi. Ndiponso mwa mtundu womwewo munatuluka Antonio de Montesinos ndi Bartolomé de las Casas, ansembe amene anadzudzula nkhanzazi poyera. Anakhulupiriradi, koma chikhulupiriro chao sichinawaletse kanthu kamene mtima unakhumba.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Almagro, amene kalata ya ku Toledo idampatsa udindo wochepa, ndiponso amene anafika ku Cajamarca mochedwa kotero kuti anthu ake analandira nyenyeswa zokha za dipo lija, anakanganirana mzinda wa Cuzco ndi abale a Pizarro, nagonja pa nkhondo ya ku Las Salinas, naphedwa m'chaka cha 1538 mwa imfa yonga ija ya Atahualpa. Patapita zaka zitatu, Lamulungu pa 26 Juni 1541, otsatira mwana wa Almagro analowa mwankhondo m'nyumba ya Pizarro ku Lima, nkhalambayo ikulimbana ndi zingwe za chovala chake chachitsulo. Inapirikana nao ndi lupanga kufikira anailasa pakhosi, ndipo osimba amati ili gone pansi inalemba mtanda ndi mwazi wake, niitana dzina la Yesu.